Tinabwerera ku Insaca osayezetsa

Amayi, lero pochapa ndaona magazi pa chitenje changa cha kapulana, chonsecho si masiku anga. Nthawi yomweyo ndakumbuka tsiku lija tinakwera chapa, minibasi ija, kupita kuchipatala cha ku Insaca kuti mukayezetse khomo la chiberekero. Mutasuzumira m'chipinda n'kuona kuti woyeza ndi mwamuna, munandikoka dzanja. "Tiye, Esinati. Nkhondo ija ndinathawira ku Malawi n'kubwerako osavulirapo mlendo. Ndiyambe lero, kwa mwana wa mnzanga?" Ine ndinaseka, Amayi. Tinagula matemba n'kubwerera.

Khansa inakudyani tikuona, ndipo aja ankakutamani kuti ndinu mzimayi waulemu sanabwere kudzachapa nsanza zanu. Ndili ndi mantha, komanso ndakukwiyirani. Mawa ndikupita kukayezetsa, mdzukulu wanu kumsana. Ngakhale ndikapeze mwamuna yemwe uja, ndikagona pakama paja.