Ndinathirira Malita Madeya Onse Nthawi Imodzi

Inu owerenga, pali nyama imene ndinadya ndili mnyamata yomwe mpaka lero inanditsalira pakhosi. Inali ya ng'ombe imene ndinaipha ine mwini, osati ndi mpeni, koma ndi chakudya. Ndikuuzani mmene zinayendera, mwina wina mwa inu angalambalale dzenje limene ndinagweramo.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, kwathu kuno ngakhalenso ku Zambia. Ndinapeza mwayi wokaphunzira ulimi wa ng'ombe za mkaka ku Palabana, chakum'mawa kwa Lusaka. Kanali koyamba kutuluka m'dziko lathu. Anzanga ankandiseka kuti ndimalankhula ngati munthu wowerenga Malembo pa guwa, ndipo madzulo ambiri ndinkangoyendayenda m'mbali mwa mpanda, mtima uli kumudzi.

Amene anandichotsa chilendo anali bambo Dominiko. Ndinawadziwira ku katchalitchi kathu ka pafupi, kumene ankatsogolera pemphero la korona. Anali atagwira ntchito yophika ku mishoni zaka zambiri, ndipo popuma ansembe anawapatsa ng'ombe yaikazi ya mawanga akuda ndi oyera. Anaitcha Malita, akuti chifukwa sinkakhala pansi ngati Malita wa ku Betaniya. Iwo ndi akazi awo, mayi Sesiliya, ankalera kamdzukulu kamasiye konyentchera, ndipo chiyembekezo cha nyumba yonse chinali pa Malita. Anali ndi bere lalikulu, moti anali atasiya kumukama, kudikira kuti abereke, mkaka ubwerere pakhomo.

Ine ndinasanduka mwana wa m'nyumbamo. Bambo Dominiko atagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo, ndinadzipereka ndekha kuti ndizisamala Malita m'mawa ndi madzulo. Palibe anandikakamiza. Ndinachita kudziguguda pachifuwa ngati Petulo usiku uja, kuti ena onse angathawe koma ine ayi. Tsono mayi Sesiliya anaitanidwa kumaliro a mchemwali wawo ku Kanakantapa. Ponyamuka, mwana ali kumbuyo, anandiuza kuti, "Mwanawanga, nakusiila odwala awiri, wa mwendo na wa mimba." Tinaseka tonse.

Sabata yomweyo mnzanga wa m'kalasi, Bwalya, anatulukira kuti Loweruka linali tsiku langa lobadwa. Kwathu tsiku lotere linkangodutsa ngati lina lililonse, koma iye anachita ngati wamva za mlandu.

"Iwe Mmalawi, ufuna kukalambila mu ndowe? Tiye ku tauni! Mukulu wanga ali na nyumba ku Kabwata."

Ndinakana kamodzi kokha, kukana kwa pakamwa. Kunena zoona, mtima wanga unali utanyamuka kale. Ndinkafuna kuona magetsi a Lusaka, kuti pobwerera kumudzi ndikakhale ndi chosimba choposa mawere a ng'ombe. M'kalasi sindinkamvanso kanthu.

Lachisanu masana ndinathamangira kwa bambo Dominiko. Malita ankadyera m'khola, ndipo chakudya chake chinali udzu womweta ndi kambale ka madeya, amene kumeneko amati gaga, osakaniza ndi chimanga chogaya. Masiku amenewo ufa unkachita kuimira pamzere, madeya nawo ankasowa, koma tinali titangopeza thumba lodzaza. Ndinamweta udzu wambiri, ndinadzaza madzi mumgolo wodula, kenaka ndinanyamula thumba lija n'kukhuthulira m'chodyeramo gawo la masiku onse amene ndikanakhala kulibe, n'kuwonjezerapo. Pamwamba ndinafunditsa udzu.

Inu owerenga, musaganize kuti sindinkadziwa. Tinali titaphunzira kuti ng'ombe ikadya madeya ndi chimanga chochuluka nthawi imodzi, m'mimba mumasasa, imatupa, imatha kufa. Ndinalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza. Koma ndinadzinamiza kuti Malita ayamba udzu wapamwamba, madeyawo aziwapeza pang'onopang'ono. Munthu akafuna kuchimwa, nzeru zake zomwe zimamugwirira nyali.

Bambo Dominiko anali pamkeka pakhonde, korona m'manja. Anandifunsa ngati ndibwera mawa m'mawa. Ndinayankha kuti zonse ndakonza, asadandaule. Sindinanene kuti ndikupita ku Lusaka. Ndinachita manyazi kuuza munthu wothyoka mwendo kuti ndikumusiya chifukwa cha chisangalalo.

Ulendowo sunandikomere ndi pang'ono pomwe. Tinadutsa pa asilikali a pamsewu, anandifunsa mapepala, anandiyang'ana nthawi yaitali. Loweruka tinayenda mumsewu wa Cairo, ndinaona nyumba zosanja ndi mizere ya anthu ofuna sopo ndi mafuta ophikira. Keke sanapezeke, choncho mlamu wake wa Bwalya anabaya kandulo pa banzi, ana a m'nyumbamo akuwomba m'manja. Ndinazimitsa, ndinamwetulira, koma m'maso mwanga munali chodyeramo chija. Tinalowa m'nyumba ya kanema, ndipo sindikumbuka chimene tinaonera. Basi ikaliza hutala ndinkamva ngati ng'ombe ikulira. Ndinkaimirira, kukhala, kuimiriranso.

"Mune, ng'ombe ija ni mukazi wako? Unalipila malowolo?" anatero Bwalya, anthu n'kuphulika kuseka.

Ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kunandichedwetsa. Pamene ndinalimba mtima kupita pokwerera basi, dzuwa linali litapendeka. Anyamata achipani amene ankayang'anira mzere anati yopita mbali yathu yapita kale, ina kulibe chifukwa mafuta asowa. Lamulungu ndinalowa Misa ya m'tauni, koma nthawi ya Ukaristia sindinapite kukalandira. Ndinatuluka dalitso lomaliza lisanaperekedwe, ndinakwera lole ya makala yobwerera yopanda katundu, ndipo mtunda wotsala ndinauyenda chothamanga.

Chimene ndinayamba kuona, ndisanafike n'komwe pabwalo, chinali chikopa cha mawanga akuda ndi oyera, chokhomedwa ndi zikhomo pansi kuti chiume. Akhristu anzathu a mumphakati anali atadzaza, ena akugawa nyama pa masamba a nthochi. Mayi Sesiliya anali atabwerako, atakhala potero, mwana pamiyendo.

Oyandikana nawo ndiwo anandiuza. Malita anakankha udzu ndi mphuno n'kudya madeya onse, kenaka anamwa madzi. Loweruka anayamba kubuula, mimba itafufuma. Bambo Dominiko anakwawa ndi ndodo mpaka kukhola, anakuwa kuitana anthu. Wina anapalasa njinga kukandifuna kusukulu, poti onse ankadziwa kuti mnyamata wa ku Malawi ndiye amadziwa za ng'ombe. Anakamuuza kuti ndapita kukadyerera tsiku lobadwa. Pamene ankapeza mlangizi wa ziweto, Malita anali atagona chammbali. Pomutumbula anapeza kamwana kakakazi, katamera kale ubweya.

Ndinagwada pamaso pa bambo Dominiko. Ndinkafuna andilalatire, ngakhale kundimenya ndi ndodo ijayo. Iwo anangonena kuti:

"Ukananiuza chabe, mwanawanga. Nikanapempha ba Mwale, ali apa pafupi. Kodi nikanakukaniza kubadwa?"

Atatero anauza akazi awo kuti andipatse chakudya, poti ndachokera kutali. Anandiikira nyama ya Malita m'mbale, ndipo monga mwa masiku onse anandipempha kuti nditsogolere pemphero. Ndinayamba Atate Athu bwinobwino. Nditafika popempha chakudya chathu cha lero, mawu anandithera. Ndinakumbukira mana a m'chipululu, mmene Mulungu ankawagwetsera a tsiku limodzi lokha, ndi mmene ankachitira mphutsi kwa amene ankaunjika. Iye amene ali ndi nkhokwe zonse za kumwamba sakhuthula thumba n'kuchokapo. Amabwera m'mawa uliwonse. Pempherolo anamalizitsa ndi bambo Dominiko.

Miyezi yotsalayo ndinawalimira, ndinawatungira madzi, ndinkapempha mkaka kwa alimi ena kuti mwana uja amwe. Anandikhululukira ndi mtima wonse, wansembe nayenso anandimasula nditalapa, koma khola lija ndinalisiya lopanda kanthu pobwerera kwathu.

Tsono inu owerenga, makamaka achinyamata amene mukupita kunja kukaphunzira, sindikunena kuti kusangalala pa tsiku lobadwa ndi tchimo. Tauni inalipobe sabata yotsatira. Koma ngati pali chamoyo chimene chikudikira dzanja lanu, kaya ndi chiweto, kaya kholo lodwala, kaya mwana, musachiunjikire chisamaliro cha mawa ndi mkuja kuti mupeze mpata wothawa. Ndipo ngati simutha kubwera, tsekulani pakamwa munene, manyazi a kamphindi asakuphetseni za eni. Ine ndakalamba ndikuweta ng'ombe, ndipo tsiku langa lobadwa likafika ana amadziwa kuti sandipeza pa mpando. Ndimakhala ndili m'khola, kambale m'manja, ndikuyeza madeya a tsiku limenelo basi.