Tadala Amene Sanabadwe

Ndimaphunzitsa pa yunivesite ina muno mu Lilongwe, ndipo m'kalasi mwanga muli mtsikana amene sanabadwe n'komwe. Dzina lake ndi Tadala.

Ndinatsegulira ophunzira anga gulupu ya pa foni kuti azikambirana okha za maphunziro, ine ndizingoonerera. Koma ndikaponya funso, onse ankangoyankha kuti, "Zikomo, aphunzitsi." Wotsutsa munthu wamkulu panalibe. Sabata ziwiri zitatha ndinasowa mtendere. Ndinatenga foni ya akazi anga, n'kulowetsa nambala yawo m'gulupumo ngati Tadala, n'kulemba kuti, "Apa aphunzitsi alakwitsa."

Kunatentha! Ena ankamuikira kumbuyo, ena ankamutsutsa. Ngakhale Chikondi, mnyamata amene satsegula pakamwa m'kalasi, analemba ndime zitatu. Ine ndinali kungozungulira pakhonde kwathu ku Kawale, mafoni awiri m'manja, kudzitsutsa ndekha, thukuta lili kamukamu.

Kenaka ophunzirawo anasankha Tadala kuti adzafotokoze mfundo zawo m'kalasi Lachisanu. Chikondi anaimba nambala ija, ndipo anayankha ndi akazi anga ali pamsika ku Mchesi.

"Bambo a Mphatso," anandifunsa atafika, "Tadala ameneyu ndi ndani wanu?"

Kwa iwo ndinaulula msangamsanga. Kwa ophunzira ndinachita mantha, ndinangolengeza kuti Tadala wasiya sukulu.

Dzulo Chikondi wanditsatira mpaka pa siteji ya minibasi.

"Aphunzitsi, chonde kamunyengerereni abwerere. Ndi yekhayo amene amakuuzani zoona."

Ndinayankha kuti ndiyesetsa.