Unkhoswe Wobwereka

Mpingo wathu umasonkhana ku Jeppestown, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yowotcherera zitsulo. Lamlungu owotcherera aja sagwira ntchito, koma fungo lawo limatsala, moti ukamayimba umachita kulilawa pakhosi. Tinazolowera. Mabenchi anatikhomera ndi mkulu wa mpingo wathu, bambo a ku Dedza amene ali ndi kashopu ka ukalipentala mumsewu womwewo. Benchi lomaliza, loyandikana ndi chitseko, ndi la anthu odulidwa. Akakudula sakuthamangitsa ayi. Umabwera, umayimba, umaponya chopereka, koma mgonero umakudutsa, ndipo aliyense wolowa amayamba waona iweyo.

Munthu amene sanakhaleko ku Joni angayese kudulidwa ndi nkhani ya mkate ndi chikho basi. Kuno mpingo ndi umene umakupezera pogona ukangotsika basi, umakusakira ganyu ntchito ikatha, ndipo ukafa ndi umene umathamangathamanga kuti mtembo wako ukafike kumudzi. Ndi khothi lathunso. Ambirife mapepala athu anatha mphamvu kalekale, ndiye wina akakulakwira sulota n'komwe zopita kupolisi, kuopa kuti wodandaulawe ndi amene ungatsale m'chitokosi. Timapita kwa akulu a mpingo, iwo n'kukhala pansi Loweruka masana, n'kuweruza. Ndisaname, ndaonapo milandu yambiri ikutha bwino pabwalo limenelo, anthu n'kutsika masitepe akuseka.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, kwa madamu omwewo kuyambira ana awo akukwawa mpaka pano akuyendetsa galimoto. Ndimapuma Lachinayi, monga amayi ambiri a ntchito imeneyi, ndipo ndi tsiku la mapemphero a amayi. Timavala bulawuzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Yunifolomu yangayo ndimaisita ndekha, ndipo sindilola munthu kuikhudza.

Chaka china kunafika mtsikana wa ku Ntcheu, wofatsa, wa mawu otsika bwino pakwaya. Amene ankaphunzitsa kwayayo anali mnyamata womanga nyumba ku Midrand, waulemu wake, wopemphera mpaka thukuta. Posakhalitsa anamufunsira, makolo kumudzi n'kuvomera pafoni. Koma ukwati sumangidwa popanda ankhoswe, ndipo malume a mtsikanayo sakanatha kubwera kuno. Akulu a mpingo anachita zimene timachita kuno nthawi zonse, kubwereka ankhoswe mumpingo momwemo. Kuchimuna anaima mkulu wa mpingo uja, kuchikazi anasankha ine.

Ndinayamba ndakana. Ndinawauza kuti unkhoswe si jekete yoti ubwereke m'mawa n'kubweza madzulo, komanso mwanayo kwawo sindikudziwako, ngakhale agogo ake sindinawamvepo. Iwo anaseka, amvekere ndi mwambo chabe, ndingoimirira abusa akafunsa, zikatero zatha. Ndinavomera chifukwa cha mtsikanayo, amene ankangondiyang'ana. Tsiku la ukwati abusa anafunsa kuti ndani akuimira mkaziyu, amene adzagogodedwe zinthu zikadzavuta. Ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti ndine. Madzulo ake malume aja anandiimbira foni kuchokera ku Ntcheu. Anathokoza motalika monga amachitira a kumudzi, kenako anati, "Mayi, mwanayo ndi wanu tsopano. Ife tili kutali. Mukadzaona kuti zavuta, musadzadikire ife."

Banjalo linkachita lendi chipinda ku Jeppe komweko. Khoma limodzi ankagawana ndi mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, wogulitsa mandasi ndi tomato pakhomo la nyumbayo. Lachinayi lina ndikutuluka m'mapemphero ndinawapeza mayiwo akundidikira pansi pa masitepe athu. Kukwera sanafune. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndine nkhoswe ya mtsikana uja. Nditavomera anandikokera pambali. "Mwamuna uja kutchalitchi kwanu amayimba bwino, timamva," anatero. "Koma ife a pakhoma timamva zina. Pitani mukamuone mwana wanu."

Ndinamupeza akusita malaya a mwamuna wake, mlomo uli wotupa, dzino limodzi lapatsogolo palibe. Anati anagwa pamasitepe. Ndinakhala pabedi, ndinangovula nsapato kuti aone kuti sindikufulumira. Atamaliza kusita anakhala pansi n'kundiuza zonse, ndipo sizinayambe dzulo lake.

Ndinachita zimene nkhoswe imachita. Ndinapita kwa mnzanga wa kuchimuna, mkulu wa mpingo uja, ndipo Loweruka bwalo linakhala. Mnyamata uja anagwada, analira, anati ndi satana ndi kutopa kwa kuntchito. Kupemphera kwake tsiku limenelo kunagwetsa misozi ngakhale amayi ena. Akulu anamudzudzula ndithu, kenako anatembenukira kwa mkazi n'kumukumbutsa kuti banja ndi kupirira, ndipo wolapa amakhululukidwa. Anagwirana chanza, tinayimba, tinabalalika. Inenso ndinakwera tekisi ya ku Fourways mtima uli m'malo.

Mvula isanathe, mayi a ku Mangochi aja anandiimbira. Ulendo uno mwamunayo anamugwira mtsikanayo pakhosi, mpaka anthu a m'nyumbamo anachita kuthyola chitseko. Nditawauza mkulu wa mpingo, anapukusa mutu momva chisoni, koma anati tidikire abusa, amene amakhala ku Pretoria ndipo amabwera kwathu mwa apo ndi apo. Pamenepo ndiye ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati khosi la munthu limadziwa kudikira abusa. Anandiuza kuti ndiugwire mtima, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndinati moto wake ukuzimira pathupi pa mwana wa eni.

Pali mnzanga wina amene amagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi ya madamu anga. Anabadwira konkuno, bambo ake anali Mmalawi wa m'migodi, ndipo Chichewa amachimva koma amayankha m'Chizulu. Nditamufotokozera tili pampanda, anadabwa kuti tikudikira chiyani. Anati kukhothi kuli chikalata choletsa mwamuna kuyandikira mkazi amene akumumenya, ndipo iye anaperekezapo mng'ono wake, kumeneko chimene amafuna kumva ndi zimene zachitika. Za mapepala ndinamufunsa mobwerezabwereza mpaka anatopa nane, yankho lili lomwelo, lakuti kumeneko safunsa.

Nkhani ku Jeppe sigona. Tisanapite n'komwe, mkulu wa mpingo anandiitanitsa kushopu kwake. Anapukuta utuchi pampando, n'kunditsegulira Malemba pamene pamaletsa abale kukasumirana kwa akunja. Sanakweze mawu. Bambowa si oipa, ndipo mantha awo ndinawamva. Anati apolisi akangozolowera masitepe athu, theka la mpingo lidzathera m'galimoto yawo. Anati lero ndi uyu, mawa aliyense azidzathamangira kwa majisitireti, ndiye bwalo lathu lidzakhala la chiyani? Pomaliza ananena mosabisa kuti mtsikanayo akapita kukhothi, mpingo udzamudula.

Mawu amenewo ndinakamutulira mtsikanayo momwe analili, osachotsa kapena kuthira shuga. Anayamba kupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Kenako anandifunsa funso limene Mmalawi aliyense kuno amagona nalo.

"Amayi, akandidula, ine n'kufera kuno, adzanditumiza kumudzi ndani?"

"Ine ndikufuna kumudziko udzapite ndi miyendo yako," ndinatero.

Tinapita Lachinayi m'mawa, poti pakati pa sabata ndilo tsiku lokhalo limene ndili nalo. Tonse tinavala yunifolomu, chifukwa tinkati tikamaliza tipitirire kumapemphero. M'tekisi ndinkaona ngati duku langa likuuza aliyense kuti mayi awa akupita kukaphwanya lamulo la mpingo. Titalowa m'chipinda chodikirira ndinangoti kakasi. Pamabenchipo panali amayi ena a mayunifolomu, ofiira, abuluu, obiriwira, a mipingo ya eni dziko, aliyense ali ndi wake amene wamuperekeza. Nawonso tsiku lawo ndi lomwelo. Mmodzi wa iwo, gogo wonenepa wa chipewa cha mpingo wake, anasendera kutipatsa malo, n'kumuyang'ana mtsikana wanga pakamwa, n'kumugwira dzanja.

Kalaliki wake anali mayi wotopa ndi ntchito koma woleza. Mtsikanayo ankalankhula Chichewa, ine n'kumatembenuza m'Chizulu changa chothyokathyoka, pena Chizungu cha kukhitchini. Atamuuza kuti akweze dzanja alumbire kuti akunena zoona, anatchula Mulungu yemweyo amene timamutchula pamwamba pa shopu ya zitsulo. Ndinaganiza za mawu aja akuti akunja, ndipo ndinasowa wakunja m'chipindamo. Chikalata chinatuluka, apolisi anakachipereka kwa mwamunayo, ndipo masitepe a tchalitchi chathu sanawapondepo. Kumapemphero tinachedwa, sitinapitekonso. Ndinamutengera ku Fourways, kukachipinda kanga ka kuseri kwa galaja, madamu atavomera. Atafika anagona tulo tofa nato mpaka ndinachita kumuyang'anitsitsa ngati akupuma.

Loweruka bwalo linakhala. Mwamuna uja akulu anamuimitsa pakwaya kwa kanthawi, analapa, ndipo lero akuphunzitsanso nyimbo. Mkazi anamuuza kuti akachotse mlandu kukhothi, abwere adzalape, apo ayi akhale kubenchi la kumbuyo. Atandipatsa mpata ndinaimirira, ndipo sindinakalipe ngakhale ndinali nditakonzeka kutero. Ndinawakumbutsa kuti unkhoswewu sindinaupemphe, anandipatsa ndi iwo omwe, ndipo anandiimiritsa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mpingo. Kwathu nkhoswe ikaona kuti mwana afera pabanja imamutenga, ndipo palibe amene amaifunsa chifukwa. Mkulu wa mpingo anayankha kuti zimenezo n'zoona kumudzi, koma ine ndinali wongobwerekedwa, si mwana wanga weniweni. Ndinawauza kuti pamenepo ndiye analakwitsa, akanabwereka munthu wina.

Ine sanandidule. Anati ndine mayi wamkulu, ndinachita mwa chifundo, mlandu ndi wa amene anakweza dzanja kukhothi. Mtsikanayo atamufunsa ngati alapa, anayankha mwaulemu ali chogwada kuti akapemphera kaye kuti adziwe chimene alape. Mpaka lero akupempherabe.

Lamlungu la mgonero litafika, tinakwera masitepe limodzi. Iye anakhala pabenchi la pachitseko. Malo anga ndi kutsogolo, mzere wa amayi a yunifolomu, ndipo anzanga anali atandisungira kale mpata. Ndinaima pakati pa njira kwa kanthawi, kenako ndinabwerera n'kukhala pambali pake. Anandigunda ndi chigongono, n'kundinong'oneza kuti ndipite kutsogolo ndikalandire, ine ndilibe mlandu. Ndinamuuza kuti sindinadyepo mwana ali kundiyang'ana, ndipo sindiyamba lero.

Amene ankayendetsa mbale ya mkate tsiku limenelo anali mkulu wa mpingo yemwe uja. Anafika pabenchi lathu n'kuima. Ananditambasulira mbale, ine manja ali pamiyendo. Tinayang'anana. Anadikira pang'ono, kenako anatembenuka n'kubwerera kutsogolo akuyenda pang'onopang'ono. Zinandiwawa, ndisabise. Chibatizidwire changa mgonero unali usanandidutsepo, ndipo ndimaulakalaka mpaka pano.

Mtsikanayo anapeza ntchito ku Midrand, amalera ana a banja lina, ndipo ali ndi chipinda chakechake. Wanenepa. Malume ake amandiimbira Khirisimasi iliyonse kudzathokoza motalika. Amayi ena a mpingo amandinena kuti ndine wamakani, ena amabwera mwakachetechete kudzandifunsa tekisi yopita kukhothi kuja amakwerera pati. Ndimawauza, ndipo Lachinayi likakhala lomasuka ndimawaperekeza.

Benchi la pachitseko limazizira mu Juni, mphepo imalowera pansi pa chitseko n'kukumenya m'miyendo, ndiye timabwera ndi kabulangete n'kufunda awiri. Nyimbo ikayamba, iye amaimirira n'kuyimba ndi mawu ake otsika aja, pakamwa pali yasa, osabisa ndi dzanja monga ankachitira poyamba. Madamu anga anafunapo kumupezera dokotala woika mano, iye anathokoza n'kukana. Akulu a mpingo wathu amakhala kutsogolo moyang'ana anthu, ndiye Lamlungu lililonse amaona pamene panali dzino paja.