Migolo ya Pakati pa Nyanja

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe anatiuza kufakitale ya fodya ku Kanengo kuti fodya watha, ndipo ife owotcherera zitsulo sitikufunikanso. Nditafika kunyumba ku Kawale, ndinauza mkazi wanga, amake Tadala, kuti ndikupita kwa msuweni wanga ku Cape Town. Iwo anangofunsa kuti, "Ndiye mubwera liti?" Munali mu 2003, Tadala akungophunzira kuyankhula.

Kumeneko ndinayamba ndi maganyu a padoko, kenako ananditenga m'sitima ya anthu ofufuza za nyengo. Ine wobadwira m'mapiri a ku Dedza, masiku oyamba ndinasanza mpaka misozi.

Ntchito yathu inali yosamalira migolo ikuluikulu yoyandama pakati pa nyanja ya mchere. Mgolo uliwonse anaumangirira ndi chingwe chofika pansi penipeni. Pamwamba pake panali kansanja konyamula zida zoyezera mphepo, mvula ndi kutentha kwa mpweya, ndipo m'chingwemo munali zina zoyezera kutentha kwa madzi. Zonse zomwe zinkayezedwa zinkapita kumtunda kudzera pa setilaiti. Tikaukokera m'sitima, ine ndinkapala nkhono ndi zitosi za mbalame, n'kuwotcherera pothyoka. Lero ndikamawotcherera mafelemu a mawindo pamsewu wa ku Kawale, fungo lija limandibwerera m'mphuno.

M'sitima monse munalibe woyankhula Chichewa. Nthawi zina ndinkadziyankhulira ndekha m'chipinda cha zida, kuti ndingomva mawu a kwathu.

Chakumapeto kwa 2004, mayi wa ku Durban amene ankatsogolera kafukufukuyo anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, analoza madzi.

"Nyanja ikatentha imapereka nthunzi ku mphepo, mphepoyo n'kupita nayo kumtunda," anatero. "Mvula ya kwanu imayambira kuno."

"Nanga chaka chino igwa bwanji, mayi?"

Anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. "Sitinganene motsimikiza. Koma zomwe tikuonazi sizikundisangalatsa."

Titangofika padoko ndinaimba foni pagolosale yoyandikana ndi nyumba yathu, mwini wake n'kukaitana amake Tadala. Ndinawauza kuti atumize uthenga kwa bambo anga kumudzi: asagulitse chimanga, abzalenso mbatata ndi chinangwa.

"Abambo a Tadala, nkhokwe inatha kalekale," anayankha. "Asunge chiyani? Nanga mbewu ya chinangwayo aitenga kuti?"

Ndinkadziwa chomwe chikubwera, koma kudziwako kunalibe pogwira.

Kwathu mvula inayamba bwino, kenako inadula chimanga chikumasula. Ine ndinali pamadzi, ndikupala nkhono. Tsiku lina mvula yamphamvu inatipeza tikukweza mgolo, madzi abwinobwino akungothera m'nyanja mopanda munda. Anzanga anathawira mkati. Ine ndinaima pomwepo mpaka kunyowa thupi lonse.

Zomwe ndinkapeza ndinkapatsira madalaivala a mathiraki opita ku Malawi, koma zikamafika chimanga chinkakhala chitakweranso mtengo. Ndikaimba, yankho linali limodzi: "Tili bwino, musadandaule." Ndikati ndimve mawu a Tadala, ankati wapita kosewera.

Ntchito itatha ndinabwerera, mu Disembala 2005. Nditatsika minibasi, amayi oyandikana nawo anandilonjera mondimvera chisoni, ine osamvetsa chifukwa chake. M'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ndinapezamo bambo anga ndi ana a mchemwali wanga, atathawa njala kumudzi. Bambo anali ataonda moti jekete lawo linkaoneka lobwereka. Makina osokera a amake Tadala panalibe. Anali atagulitsidwa.

Tadala anakhala pamkeka, osadzuka. Tsitsi lake linali lofiirira, miyendo ikusupuka khungu. Ndinamunyamula, ndipo anandiyang'ana ngati mlendo wodutsa. Apo m'pamene bambo anandiuza kuti mwanayo anagonekedwa kuchipatala, kuchipinda cha ana otupikana, ndipo anatuluka posachedwa. Masiku onse omwe ndinkauzidwa kuti wapita kosewera, anali kumeneko.

Ndinakokera amake Tadala kuseri kwa nyumba.

"Bwanji simunandiuze?"

Sanakwiye, sanalirenso. Anamanga bwino chitenje chawo n'kunena kuti, "Mukanatani muli pakati pa madzi?"

Pambuyo pake ndinamva kuti onse ankadziwa. Amayi a kutchalitchi ankasinthana kukagona kuchipatala. Mwini golosale ankapereka ufa wa phala. Ngakhale msuweni wanga ku Cape Town ankadziwa. Anagwirizana kuti wapamadzi asamve, angadziponyemo.

Tadala anachira, ngakhale mpaka lero ndi wamfupi kuposa anzake. Sindinapitenso kunja. Koma kwa miyezi yambiri, akadwala kapena akachita mantha, ankandidutsa pakhomo pomwe ndakhala n'kuthamangira kwa mwini golosale.