Amene Ankandilowetsera Ulusi

Ine zoti munthu azindipempherera ndisanamupemphe sindinkazikonda. Ndinakulira ku Chipata, m'tchalitchi cha mabenchi ndi nyimbo za m'buku, kumene mavuto ako umamuuza Mulungu chamumtima. Ndiye nditayamba ntchito yosoka mayunifomu a sukulu pa shopu ina pafupi ndi msika wa Mtendere, ku likulu la dziko, ndinapeza zina. Tinalipo osoka anayi, ndipo m'mawa uliwonse tisanakhudze makina tinkagwirana manja, aliyense n'kutchula chimene akufuna kuti timupempherere. Eni shopu, amene tinkawaitana kuti ba madamu, ankaima nafe pomwepo, maso otseka koma makutu ali tcheru.

Otsogolera pemphero anali amai ena a ku komboni ya Kanyama, a Pentekosite, aakulu kwa ine pang'ono. Ankakwera maminibasi awiri koma ankafika oyamba, choncho kiyi wa shopu ankasunga ndi iwo. Mayina athu anawalemba pa kapepala kamene kankakhala m'Baibulo mwawo. Ine kapepala kameneko sindinkakaona bwino. Dzina langa lizigona m'chikwama cha munthu, chifukwa chiyani?

Tsiku lina mnzathu anapempha kuti timupempherere msana. Tinapemphera ndithu, ameni wamphamvu. Patangotha mwezi ba madamu anamuuza kuti akapume kunyumba, ndipo pa makina ake panakhala mtsikana watsopano. Ndinati ahaa, kani pempheroli silipita kumwamba kokha! Kuyambira pamenepo ikafika nthawi yanga ndinkangoti, "Nili che bwino, tiyamike Mulungu."

Koma sindinali bwino. Maso anali atayamba kundikana. Msoko ndinkauyendetsa ndi manja ozolowera, koma bowo la singano sindinkaliona. Ndinkanyambita ulusi, kuloza, kuphonya, kunyambitanso, uku ndikunamizira kukonza nsalu. Ndinali ndi ana atatu ndipo bambo awo anali atamwalira. Ba madamu akanadziwa, ndikanatsatira wa msana uja, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Amai a ku Kanyama sankatopa nane. Pa nthawi ya tiyi ankasendera pafupi. "Ba sisi, nikupemphelereni chani? Yesu amvera na vinthu ving'ono."

"Pemphelelani dziko," ndinkawayankha choncho, mwano ndithu. Mumtima ndinkati pitani mukauze amene anakutumani.

Mu Januwale, ntchito ya mayunifomu itachuluka, ndinayamba kupeza zachilendo. Ndikafika m'mawa, singano yanga ili kale ndi ulusi, wa mtundu womwewo umene ndikufuna tsikulo. Mabobini atatu okulungidwa kale ali pambali. Pa makina a anzanga panalibe zotere. Tsiku lina ndinapeza pa gudumu la makina anga pali noninoni, kafungo kosakhala ka mafuta a makina. Ndinkadziwa kuti a tchalitchi cha amai a ku Kanyama amayenda ndi timabotolo ta mafuta odzozera. Munthu wafika yekha, dzina langa ali nalo papepala, akugwira makina anga okha. Kwathu zimenezo sitizitcha pemphero.

Sindinawafunse. Ndinapita kwa ba madamu madzulo tikuweruka n'kunena kuti amai aja amapaka vinthu pa makina anga. Mawu akuti mankhwala sindinawatchule, koma ndinasiya mpata woti ba madamu awatchule okha. Anangoti, "Mailo tizaona," kutanthauza mawa.

M'mawa mwake ndinalawira kuti ndiwagwire amai aja ndi maso angawa, ofookawo. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ndinawaona atakhala pa mpando wanga, dzanja limodzi pa makina, akunong'ona. Ndinamva dzina langa, kenako ana anga, mmodzimmodzi. Atamaliza anawerama, n'kulowetsa ulusi kamodzi kokha.

"Muchita chani pa makina yanga?" ndinakalipa.

Sanadzidzimuke n'komwe. "Ba sisi, maso yanu. Ninaona kudala. Mumanyambita kotoni kasanu, kasikisi."

Ndinawafunsa, "Mwauza ba madamu?"

"Nauza Mulungu chabe. Imwe simufuna kukamba, manje nizachita bwanji? Nipempera, nafaka kotoni. Mafuta nadzoza kamozi, ngati simunakondwe munikululukire. Koma muyende ku kiliniki bakapime maso, magalasi si manyazi."

Ndinkafuna kuwauza zimene ndinachita dzulo lake, koma manyazi anandigwira. Ngakhale pamenepo kamtima kena kankandiuzabe kuti samala, mwina akukunyengerera kuti ukalowe tchalitchi chawo. Ndikulimbana ndi maganizo amenewo, anzathu awiri aja analowa, ba madamu pambuyo pawo.

Tsiku limenelo sitinagwirane manja. Ba madamu anaika chikwama patebulo n'kuwayang'ana amai aja. "Nimvera ati mumagwira makina ya banzanu kuseni. Ni zoona?"

"Ni zoona, ba madamu. Nimapempelera."

"Na mafuta?"

"Kamozi."

"Nanga ni chifukwa chani makina ya aba beka? Bali na chani aba chamene benangu balibe?"

Apa ndiye ndinadziwa kuti zanga zatha. Yankho linali lalifupi, loona, ndipo likanawapulumutsa. Munthu wopemphera sanama, ndinkadziwa zimenezo. Ndinayang'ana pansi, pa tizidutswa ta nsalu, ndikudikira kuti mawu onena za maso anga atuluke.

Sanatuluke. Amai aja anati, "Icho siningakambe."

Ba madamu anafunsa kachiwiri, kachitatu, mawu akukwera. Anati shopu yawo si ya ving'anga, makasitomala akamva adzathawa. Kenako anatambasula dzanja kuti apatsidwe kiyi. Anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati alipo wofuna kunenapo kanthu. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganiza za wa msana uja. Sindinatsegule pakamwa, ndipo palibe amene ananditseka.

Amai a ku Kanyama anatenga Baibulo lawo, sizasi yawo ndi kabotolo ka tiyi. Podutsa pa ine sanandiyang'ane mwaukali, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Anatuluka, n'kulowera ku siteji ya maminibasi.

Ba madamu anayang'ana wotchi, chifukwa mayunifomu a sukulu ina ankafunika tsiku lomwelo. Anatambasula manja awo mbali zonse kuti tigwirane, atatu otsalafe ndi iwo.

"Nchito siyamba kopanda pempero," anatero. Kenako anandiloza ndi chibwano. "Imwe, ndimwe munatithandiza. Tipempelereni."

Ndinatseka maso, dzanja la ba madamu lili m'dzanja langa, ndipo ndinapemphera. Onse anati ameni.