Bondo limene sindinapinde

Ndinkaimbira besibo pasukulu ina ku Ntaja, masewera aja omenya kampira ndi chibonga. Woimbira amayenera kunyonyomala kumbuyo kwa wowakha mpira, kuti aone ngati mpira wadutsa pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenya. Ukadutsa m'munsi, womenyayo akausiya alibe mlandu. Koma akausiya katatu ukudutsa pakatipo, amatuluka m'masewera.

Koma ine ntchito yanga ndi ya kabaza, ndipo tsiku limenelo ndinali nditatuta matumba a chimanga m'mawa wonse. Bondo lakumanja linkachita kuotcha. Ndinasiya kunyonyomala, n'kumangowerama pang'ono kuti anthu aziti ndili pantchito.

Womaliza kumenya anali Asiyatu, mtsikana wa Fomu 3. Kunabwera alendo odzasankha osewera oti akawalipirire sukulu, ndipo bambo a Asiyatu anali atanena kuti akapanda kusankhidwa, akwatiwe basi. Mpira womaliza unabwera, iye anausiya. Ine sindinauone n'komwe. Ndinali ndikusisita bondo.

"Watuluka!" ndinakuwa, dzanja m'mwamba, mwamphamvu ngati munthu woona.

Mphunzitsi wake anathamangira kwa ine. "Achimwene, mpirawu watsala pang'ono kukhudza fumbi. Mwauonadi?"

"Iyayi aphunzitsi, musandiphunzitse ntchito," ndinatero.

Asiyatu anangoika chibonga pansi bwinobwino. Alendo aja sanamusankhe.

Lero amagulitsa chimanga chootcha pa Ulongwe, mwana kumbuyo. Ndikatsitsa munthu pamenepo, amabwera n'kugwada mpaka pansi kudzandipatsa moni.

"Muli bwanji bambo? Nanga bondo lija?"

Ndimayankha kuti linapola.