Chidindo cha a fundi

Pomaliza Fomu Folo ndinali nditatopa nawo maphunziro a belu. Usanagwire n'komwe mutu wa masamu, belu lalira, walowa mphunzitsi wa mbiri yakale ndi mafumu ake. Mutu wanga sutembenuka msanga, uli ngati ngolo. Mayi ankati umenewo ndi ulesi chabe wovala yunifolomu.

Ndinayamba kulembera makoleji, n'kumapalasa njinga kuchoka kwathu kufupi ndi Nkopola kukaona mayankho ku positi ofesi kuboma. Ena ankafuna mapointi omwe ndinalibe. Ena ananditumizira kabuku kokhala ndi chithunzi cha anyamata amataye atazungulira injini yoyera mbee, manja ali kumbuyo. Ndinadziwiratu kuti injini imeneyo sinalirepo chibadwire.

Kenako inapezeka koleji yomwe mtima unkafuna: miyezi itatu m'kalasi, phunziro limodzi kulimbana nalo mpaka lithe, ndiye miyezi isanu ndi umodzi kwa mmisiri, manja m'mafuta. Panali mfundo imodzi yokha. Pafomu pankafunika dzina, saini ndi chidindo cha mmisiri amene adzandisunge miyezi imeneyo, apo ayi malo apita kwa wina.

Mmisiri ndinali naye. Anali bambo wa ku Mozambique amene anathawa nkhondo n'kulowera ku Chiponde, ndipo ankakonza mainjini a maboti pansi pa mtengo wa mango. Tonse tinkangoti a fundi. Kwa iwo ndinali nditatha chaka ndikutsuka mabawuti m'parafini, chifukwa ankati munthu asagwire sipanala asanadziwe kumva kudwala kwa injini ndi khutu. Koma mapepala ankawaopa kuposa ng'ona. Ngakhale kaundula wa othawa kwawo, uja wolandirira ufa ndi nandolo, sanalembetsemo. Kwawo anaona anthu akulembedwa mayina lero, mawa lake asilikali n'kubwera nawo mndandanda womwewo.

Nditawaonetsa fomu sanakane. Kwathu munthu wamkulu sakana, amangotanganidwa.

“Ubwere mawa, mwanawe. Lero manjawa ndi akuda.”

Mawa lake manja anali akudabe. Mkuja anati ndi Lachisanu, apita kumzikiti. Tsiku lina nditangotulukira ndi envulopu, analowetsa mutu m'injini yomwe tinali titaimaliza dzulo lake. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinafika mpaka pa galaja ina kuboma, mwini wake n'kundiuza kuti chidindo andipatsa, bola ndizidzatsuka magalimoto. Ndinabwerera fomu ili yoyera.

Kutatsala masiku atatu kuti atseke kulandira mafomu, ndinapita kwa a fundi wopanda envulopu m'manja. Ndinakhala pa chitini changa n'kuyamba kutsuka mabawuti.

“Pepala lako lija lili kuti?” anafunsa osandiyang'ana.

“Lili m'thumba. Zilekeni, a fundi, ndidzayesa chaka chamawa.”

“Likapita kumeneko, amaliwerenga ndani?”

“Aphunzitsi basi.”

“Kwathunso ankatero.”

Anaika sipanala pansi. Kenako anati nditulutse pepalalo. Dzina ananditchulira pang'onopang'ono, lonse, ndi la bambo awo lomwe, ndipo aka kanali koyamba kulimva. Pofika pa bokosi la chidindo anaviika chala chachikulu mu oyilo wakuda n'kudinda.

Mlembi wa kukoleji anaseka mpaka kuitana anzake. Mphunzitsi wa zamainjini ananunkhiza fomuyo, n'kunena kuti ameneyu ndiye ali ndi mmisiri weniweni, enawa ali ndi zidindo. Ananditenga.

Nditabwerako patatha miyezi itatu, ndinawapeza a fundi pansi pa mtengo wawo, ataonda pang'ono. Anandiseka kuti manja anga afewa ngati a kalaliki, n'kundiponyera sipanala. Akazi awo ndi amene anandikokera pambali pondipatsa madzi akumwa. Anati kuyambira tsiku lomwe ndinakapereka fomu ija, bambowo anamanga katundu wawo yense m'saka, ndipo galimoto iliyonse ikaima pamsewu ankasiya ntchito n'kukaima kuseri kwa nyumba.

“Ndiye bwanji anadinda?” ndinafunsa.

“Anati ikabwera galimoto ya asilikaliyo idzatenga iwo okha. Iwe udzakhala uli kale m'kalasi.”